Ndinadwala miyezi inayi mpingo osandizonda: kodi kudandaula ndi kudzikuza?

Funso: Abusa, ndine mayi wamasiye wa zaka 58, ndipo ndatumikira m'gulu la amayi la mpingo wathu kwa zaka 22, zisanu ndi zitatu mwa zimenezi ndili mlembi. Chaka chatha ndinachitidwa opaleshoni ndipo ndinagona pakhomo miyezi inayi, koma kupatula mnzanga mmodzi woyandikana naye nyumba, amene ankabwera pafupifupi tsiku lililonse, palibe wa ku tchalitchi amene anadzandiona, ngakhale abusa athu. Nditabwerera ndinapeza kuti anachita chisankho ndipo udindo wanga anapatsa wina osandiuza. Lamulungu lomwelo anaimika kutsogolo bambo wina wobwera kumene n'kumuwombera m'manja chifukwa anapereka matumba 50 a simenti. Ndikamapemphera ndimamva ngati Mulungu nayenso wandifulatira, ndipo ndikafuna kudandaula ndimaopa kuti ndikudzikuza. Ndingakhale bwanji wokhulupirika ndi wodzichepetsa mtima ukuwawa chonchi?

Yankho: Mayi, mawu anga oyamba ndi akuti pepani, ndipo ndikupepesa monga mbusa, pakuti mlandu umene mwafotokozawu umatikhudza ife tonse amene tinapatsidwa nkhosa kuti tiziwete. Kusiya mkhristu agone miyezi inayi osamuzonda ndi kulakwa, ndipo Malemba sakuchepetsa kulakwa kumeneku. Pa Mateyu 25, pamene Ambuye akulekanitsa nkhosa ndi mbuzi, chimodzi mwa zinthu zisanu ndi chimodzi zimene akutchula ndicho kuzonda wodwala, ndipo Yakobo 1:27 akunena kuti chipembedzo choyera pamaso pa Mulungu ndicho kuchezera ana amasiye ndi akazi amasiye pa mavuto awo. Inu munali wodwala komanso wamasiye nthawi imodzi. Ululu umene mukumvawu ukuchokera pa bala lenileni, ndipo sitingayambe kukamba za kudzichepetsa tisanavomereze kuti balalo lilipo.

Ndayamba motero chifukwa m'mipingo yathu muli chiphunzitso chimene sichinalembedwe paliponse koma aliyense amachidziwa, makamaka amayi, chakuti munthu wodzichepetsa ndi amene akafunsidwa amayankha kuti "zili bwino" ngakhale mtima ukutuluka magazi. Mayi wotere timamuyamikira kuti ndi wofatsa, ndi wopirira, alibe pakamwa, ndipo akamwalira timabwereza mawu omwewo pa maliro ake, osadziwa kuti wapita kumanda ndi chakukhosi cha zaka khumi. Kukhala chete kotere kumachokeradi ku mtima wofatsa nthawi zina, koma kawirikawiri ndi mantha, ndipo nthawi zinanso ndi mkwiyo umene wavala duku.

Tsegulani Machitidwe a Atumwi mutu 6, chifukwa nkhani yofanana ndi yanu inalembedwa kale m'menemo. Mpingo wa ku Yerusalemu unali utangoyamba kumene, Mzimu Woyera atatsika, atumwi eni ake ali moyo, anthu akugulitsa minda n'kubweretsa ndalama kuti pasakhale wosowa. Komabe mumpingo womwewo akazi amasiye a Ayuda olankhula Chigriki ankadumphidwa pa kugawa chakudya cha tsiku ndi tsiku, pamene anzawo ankalandira. Luka, wolemba bukuli, sakunena kuti wina anachita zimenezi dala. Akungonena kuti ophunzira anali kuchuluka, ndipo pakuchulukapo ena anayamba kuiwalika. Anthu anadandaula, ndipo dandaulolo linafika kwa atumwi khumi ndi awiri. Chimene chimandichititsa chidwi ndi chakuti Petro ndi anzake sanawalalikire amasiyewo za kudzichepetsa, ndiponso sanawauze kuti adikire mphotho yawo kumwamba. Anaitanitsa gulu lonse la ophunzira, navomereza kuti sangathe kusenza zonse okha, ndipo anapempha kuti pasankhidwe amuna asanu ndi awiri oyang'anira ntchitoyo. Mukawerenga maina a osankhidwawo, Stefano, Filipo, Prokoro, Nikanora, Timoni, Parmena ndi Nikolao wa ku Antiokeya, mupeza kuti onse ndi maina a Chigriki, ndipo ambiri ophunzira Baibulo amaona pamenepa kuti mpingo unapereka chipande m'manja mwa mbali imene inkadandaula ija. Udindo wa atumiki umene tili nawo lero m'mipingo yambiri umaloza ku tsiku limenelo. Dandaulo lija likanamezedwa, mpingo ukanapitiriza kudumpha amasiye uku ukuimba nyimbo zotamanda, ndipo sukanadziwa n'komwe kuti ukuchimwa.

Mmene munthu amadumphidwira ndinaphunzira mwa manyazi anga omwe. Ndili mbusa wachinyamata ndinatumizidwa ku mpingo wakumudzi umene unali ndi nthambi zambiri, ndipo ndinkaziyendera pa njinga yakapalasa. Pa nthambi ina panali mkulu wa mpingo wokalamba amene ankachita pafupifupi chilichonse: ndi iwo amene ankaliza belu, ndi iwo amene ankatsogolera mapemphero pa siwa, ndiponso ndi iwo amene ankabwera ku seshoni, msonkhano wa akulu a mpingo, ndi kapepala ka maina a odwala n'kutikumbutsa kuti tikawaone. Atasiya kuoneka, ine ndinaganiza kuti akulu anzawo akuwayendera, akuluwo ankaganiza kuti abusa anapitako kale, ndipo amayi ankaganiza kuti munthu wodziwika chotero sangasowe alendo. Panapita miyezi isanu. Tsiku limene ndinafika ndinawapeza atakhala pa mkeka pakhonde, miyendo itatupa moti sakanatha kuvala nsapato, ndipo akazi awo anatuluka ndi mpando wa thabwa n'kuuika pafupi nawo. Nditakhala, mkuluyo anandiyang'ana kanthawi n'kunena modekha kuti, "Abusa, mpando umenewo takhala tikuupukuta Loweruka lililonse." Sanawonjezere mawu ena, ndipo ine ndinasowa koloza maso. Panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene ankadana nawo. Munthu amene ankatikumbutsa za odwala ndiye anali atadwala, ndipo kapepala kaja kanagona naye pa mkeka.

Ndikuganiza kuti zanu zinayenda mofananako. Kwa zaka zisanu ndi zitatu kope linali m'manja mwanu. Inu ndi amene munkalemba kuti uje wadwala, munkasonkhetsa ndalama za shuga ndi sopo, ndipo munkaimba mafoni kuti tsiku lakuti tikumane pakuti. Munthu wolimba anzake amazolowera kumutsamira mpaka amaiwala kuti nayenso ali ndi msana wotha kutopa. Zimenezi sizikuchotsa mlandu wawo, koma zikuthandizani kusiyanitsa kuiwalidwa ndi kukanidwa, pakuti mtima wovulala umafulumira kuziphatikiza, n'kuyamba kuona chiwembu pamene panali mphwayi chabe. Apa ndikufunsani funso limene mwina simulikonda, ndipo mudziyankhe nokha: kodi munatumiza uthenga? Yakobo 5:14 akunena kuti wodwala aitane akulu a mpingo kuti amupempherere, ndipo mawu akuti aitane ali pa wodwalayo. Ambiri a ife tikadwala timakhala chete dala n'kumawerenga masiku mumtima kuti tione ngati atikumbukire, ndipo tsiku lililonse lodutsa popanda mlendo timalisunga ngati umboni wa mlandu. Amenewa ndi mayeso amene anzathu sadziwa kuti akuwalemba, motero amalephera. Kunena kuti "ndadwala, bwerani mudzandipempherere" kumafuna kudzichepetsa kwakukulu kuposa kukhala chete, chifukwa kumamuchotsa munthu pa mpando wa wothandiza n'kumukhazika pa mkeka wa wothandizidwa, ndipo amene anazolowera kupereka, kulandira kumamuvuta kwambiri. Ngati munaitana koma iwo osabwera, ndiye kuti mlandu wawo ndi waukulu kuposa mmene ndaufotokozera.

Makolo athu anati kupatsa n'kuika, ndipo mwambiwu ndi umene wamangiriza midzi yathu kwa mibadwo yambiri. Ukapita pa maliro a mnzako utasenza nkhuni ndi ufa, ukuika, ndipo tsiku lako likadzafika udzatapa. Mwambiwu si woipa, ndipo mudzi umene wauiwala umasanduka tchire. Komabe umatiphunzitsa kusunga kaundula mumtima mosadziwa, ndipo kaundulayo timalowa naye m'tchalitchi. Zaka 22 zogona pa siwa, zophika pa misonkhano, zokolopa m'tchalitchi Loweruka, zoyenda pansi ndi chidebe pamutu kupita kwa wodwala, zonsezi zinalembedwa penapake mwa inu, ndipo tsiku limene munapita kukatapa munapeza nkhokwe ilibe kanthu. Ndicho chifukwa chake ululu wanu ukufanana ndi wa munthu amene waberedwa. Pa Luka 14:12-14 Yesu akuuza munthu amene anamuitana ku chakudya kuti akamakonza phwando asamaitane okhawo amene angadzamuitanenso, koma osauka, olumala ndi osaona, amene alibe chomubwezera, pakuti adzabwezeredwa pa kuuka kwa olungama. Ambuye sanathetse mwambi wa makolo athu. Anangotisonyeza nkhokwe ina yoikamo. Mpingo ndi anthu, ndipo nkhokwe ya anthu imalowa anankafumbwe. Ahebri 6:10 akunena kuti Mulungu sali wosalungama kuti angaiwale ntchito yanu ndi chikondi chimene munaonetsa pa dzina lake potumikira oyera mtima. Onani kuti vesili likuimika nkhaniyi pa chilungamo cha Mulungu, kutanthauza kuti akanaiwala chidebe chimodzi cha madzi chimene munasenza, akanakhala wosalungama. Zimene munaika mwa Khristu sizinafumbwe, ngakhale amene anadya nsima yanu sakukumbukanso dzanja limene linaiomola.

Choopsa cha kaundula wa mumtima chimaoneka bwino mwa mwana wamkulu uja wa pa Luka 15, amene alaliki ambiri timangomudutsa chifukwa timathamangira kwa mng'ono wake wolowerera. Mwanayu anali wokhulupirikadi, ndipo atate wake sanatsutse zimenezi. Koma atamva ng'oma ndi kuvina anakana kulowa, ndipo mawu amene anatuluka pakamwa pake anaulula mmene ankadzionera zaka zonsezo: anati wagwira ntchito ngati kapolo, sanaphwanyepo lamulo, koma sanapatsidwepo ngakhale kamwana ka mbuzi. Anali mwana wa m'nyumbamo, koma ankadziwerengera ngati waganyu amene akudikira malipiro. Atate wake anatuluka panja kukamudandaulira, monga momwe anathamangira kukakumana ndi mng'ono wake, ndipo anamukumbutsa kuti iye ali nawo nthawi zonse ndi kuti zawo zonse ndi zake. Sindikunena kuti inu ndinu mwana ameneyu, mayi, koma ndikunena kuti aliyense wa ife amene watumikira nthawi yaitali amayenda m'mphepete mwa dzenje limeneli. Njira yodziyesera ndi yosavuta: mukakumbuka zaka 22 zija, kodi mukuona mphatso imene munapereka kwa Ambuye amene anayamba kukukondani, kapena mukuona ngongole imene mpingo sunabweze? Ngati pali zonse ziwiri, monga zimakhalira kwa ambiri a ife, muuzeni Mulungu zoonazo mosabisa.

Za ulembi ndinena mwachidule. Kusankha wina pamene mlembi wadwala nthawi yaitali kungakhale koyenera, chifukwa ntchito siingaime, koma kuchita zimenezi osakudziwitsani ndi osakuthokozani ndi kusowa ulemu, ndipo muli ndi ufulu wonena zimenezo. Udindowo wokha musaulirire. M'Machitidwe 1, pamene ankafuna wolowa m'malo mwa Yudasi, anaimika anthu awiri amene anayenda ndi Yesu kuyambira pa ubatizo wa Yohane mpaka tsiku limene anakwera kumwamba: Yosefe wotchedwa Barsaba, amene ankatchedwanso Yusto, ndi Matiya. Maere anagwera Matiya pamaso pa anthu pafupifupi 120. Yosefe anali woyenera mofanana ndi mnzakeyo, koma anabwerera kukakhala pakati pa gulu, ndipo kusasankhidwako sikunachotse tsiku ngakhale limodzi pa zaka zimene anayenda ndi Ambuye. Za bambo wa simentiyo, iwo sanakulakwireni, ndipo tchalitchi sichimangidwa ndi mapemphero okha. Vuto lili pa manja amene amawomba mosankha. Yakobo 2 akudzudzula mpingo umene umakhazika wovala mphete yagolide pa malo abwino n'kuuza wosauka kuti aime uko, ndipo pa Marko 12 Yesu anakhala moyang'anana ndi mosungira zopereka, naitana ophunzira ake kuti aone mayi wamasiye amene anaponya timakobidi tiwiri. Ndikanakhala kuti ndikulembera abusa anu ndikanakhazikika pamenepa, koma popeza ndikulembera inu, ndingokuchenjezani kuti musalole kuti nkhope ya bambo ameneyu isanduke chikumbutso cha ululu wanu, mpaka kumalephera kuwapatsa moni pakhomo la tchalitchi.

Mawu amene andikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi akuti Mulungu nayenso wakufulatirani. Zimachitika kawirikawiri kuti anthu a Mulungu akakhala chete, timamva ngati Mulungu mwini wakhala chete, chifukwa chikondi chake tinazolowera kuchilandira kudzera m'manja mwawo. Kumva motero si chizindikiro chakuti mwagwa m'chikhulupiriro. Salimo 13 limafunsa kanayi kuti "mpaka liti" m'mavesi awiri oyamba, ndipo funso loyambirira ndi lakuti kodi Yehova adzamuiwala mpaka kalekale. Salimo 88, la Hemani, ndi loopsa kuposa pamenepo, pakuti wolembayo akuimba Mulungu mlandu wakuti wamuchotsera abwenzi ndi okondedwa ake, ndipo salimolo limathera mu mdima popanda mawu a chitonthozo. Pemphero lotere linasungidwa m'buku la nyimbo za anthu a Mulungu kuti lizipempheredwa, ndipo kukhulupirika kwa Hemani kunali koti usana ndi usiku anapitiriza kulira kwa Mulungu yemweyo amene ankaoneka kuti sakuyankha. Ngakhale m'nthawi yathu ino, makalata a Mayi Teresa a ku Calcutta, amene anamwalira mu 1997, atasindikizidwa mu 2007 anadabwitsa anthu ambiri, chifukwa anaonetsa kuti kwa zaka zambirimbiri mayiwa ankamva ngati Mulungu ali kutali, koma m'mawa uliwonse ankadzuka kukapemphera ndi kukasamalira osauka ndi odwala. Mukasowa mawu anu, pempherani masalimo amenewa mokweza monga alili, osawakometsa. Pa 1 Petro 5:6-7 kudzichepetsa pansi pa dzanja lamphamvu la Mulungu kwalumikizidwa ndi kutula nkhawa zonse pa iye, ndiye kuti munthu amene watula katundu wake akulira wadzichepetsa kuposa amene wausenza yekha akumwetulira.

Nkhani ya Eliya pa 1 Mafumu 19 ili ndi zinthu ziwiri zokuthandizani. Mneneriyu atathawa Yezebeli anakagona pansi pa kamtengo m'chipululu n'kupempha imfa, ndipo Mulungu asanamuuze chilichonse chauzimu anamutumizira mngelo kawiri ndi mkate ndi mtsuko wa madzi, namulola kugona. Thupi limene lachitidwa opaleshoni ndi kugona miyezi inayi limafooketsa mtima, ndipo zinthu zimene mukanazipirira muli bwino zimalemera kawiri. Ngati papita masabata angapo musakupeza tulo, chakudya chisakukoma, misozi ikungotuluka, kapena mukuganiza kuti kuli bwino kufa, mukafotokoze kuchipatala monga momwe mungafotokozere kupweteka kwa bala, pakuti kukhumudwa kwakukulu ndi matenda ndipo kuli ndi chithandizo chake. Chachiwiri ndi chakuti pa phiri la Horebu Eliya ananena kawiri kuti watsala yekha, pamene m'mutu wapitawo Obadiya anali atamuuza pamaso kuti anabisa aneneri a Yehova 100 m'mapanga n'kumawadyetsa. Ululu unamuiwalitsa zimene ankadziwa. Mulungu anamuyankha kuti wadzisungira anthu 7,000 amene sanagwadire Baala, ndipo anamutuma kukadzoza Elisa, munthu amene adzayende naye.

Chitsanzo chimene ndikufuna mutsatire kwenikweni ndi cha Paulo m'mutu womaliza wa kalata yake yachiwiri kwa Timoteo. Ali m'ndende, wakalamba, ndipo akudziwa kuti nthawi yake yatha. Sakubisa kanthu: akutchula Dema kuti wamusiya n'kupita ku Tesalonika chifukwa chokonda dziko lino, akunena kuti Luka yekha ndiye ali naye, ndipo akunena poyera kuti pa mlandu wake woyamba palibe amene anaima naye, onse anamuthawa. Munthu amene anayambitsa mipingo m'mizinda yambiri anaima yekha pabwalo la milandu. Koma mu mpweya womwewo akupempha kuti mlandu umenewu usawerengedwe pa iwo, ndipo akuchitira umboni kuti Ambuye anaima naye namupatsa mphamvu. Kenaka akupempha zimene akusowa mopanda manyazi: Timoteo abwere msanga nyengo yozizira isanafike, amutengere chofunda chimene anasiya ku Trowa kwa Karpo, mabuku ndi zikopa zolembapo, ndipo abwere ndi Marko chifukwa ndi wothandiza pa utumiki. Marko ameneyu ndi yemwe uja anawasiya ku Pamfuliya pa ulendo woyamba, mpaka Paulo anakangana ndi Barnaba chifukwa cha iye. M'mavesi ochepa amenewa muli zonse zimene mukufunsa: kunena zoona za kusiyidwa, kukhululuka osadikira kupepesedwa, kupempha thandizo, ndi kusiya khomo lotsegula kwa munthu amene anakukhumudwitsapo.

Tsono pitani kwa abusa anu, monga Mateyu 18:15 akulangizira kuti nkhani iyambire pa awiri. Musaikambe pa mjigo, musaiike m'nyimbo yoponya mawu pa msonkhano wa amayi, ndipo musaiike pa WhatsApp monga vesi lolasa munthu amene simunamutchule dzina, chifukwa njira zonsezi zimangothirira muzu wa kuwawa umene Ahebri 12:15 akuti ukaphuka umadetsa ambiri. Pemphani nthawi yoti mukhale nawo pansi, ndipo munene zimene zinachitika popanda kuweruza mitima yawo. Mungathe kunena kuti, "Abusa, ndinagona miyezi inayi ndipo sindinaone munthu wa mpingo, nditabwera ndinapeza udindo wanga wapatsidwa kwa wina ndisanauzidwe. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndabwera kuti ndisasunge chakukhosi, komanso kuti zimenezi zisadzachitikire wina." Mwina adzagwa nkhope n'kupepesa, monga ndinachitira ine pakhonde paja, ndipo mwinanso adzadziteteza ponena kuti anali otanganidwa kapena kuti palibe anawauza. Mukonzekere zonse ziwiri musanatuluke pakhomo, chifukwa kukhululuka kwanu kukadalira yankho lawo, ndiye kuti mwawapatsanso makiyi a mtima wanu. Kukhululuka sikutanthauza kuti mubwerere kukasenza katundu yense amene munkasenza kale. Mungathe kupuma pa maudindo kwa kanthawi ndi chikumbumtima choyera, malinga musasiye kusonkhana ndi anzanu ndiponso musadzimane Mgonero wa Ambuye, pakuti mwini gome limenelo si amene anakuiwalani.

Simunafunse za kuchoka mumpingo, koma ndikudziwa kuti maganizo amenewo amabwera usiku. Funsoli ndi lakale m'dziko lathu. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, koma abusa ake oyamba a kuno kwathu, a Harry Kambwiri Matecheta ndi a Stephen Kundecha, anadzozedwa mu 1911, patatha zaka 35, ndipo ku Livingstonia, kumene ntchito inayamba mu 1875, anadikira mpaka 1914. A Charles Domingo, amene anaphunzira za ubusa ku Livingstonia ndipo anali mphunzitsi ndi mlaliki waluso, anachoka asanadzozedwe, pamene a Matecheta anakhalabe natumikira mpingo womwewo mpaka ukalamba. Sindingaime pano kuweruza amene anachoka, chifukwa kudumphidwa kwawo kunali koona ndipo kunali ndi tsankho mkati mwake. Chimene ndaona pa zaka za utumiki wanga ndi chakuti munthu amene wachoka asanalankhule amanyamula balalo kupita nalo kumene wapita, ndipo kumeneko nakonso amapeza anthu oiwala. Pali nthawi imene kuchoka kumakhala koyenera, monga pamene mpingo wasiya choonadi kapena ukuzunza anthu osafuna kumva chidzudzulo, koma chisankho chotere chimafuna mtima wozizira, osati wa mwezi woyamba wa mkwiyo.

Mukadzamaliza kukambirana ndi abusa, ngati mphamvu zilipo, mudzapemphe chinthu chimodzi chokha: kuti m'dera lililonse, kaya kwanu mumati mlaga kaya mphakati, pakhale anthu awiri oyang'anira amene asowa ku tchalitchi masabata atatu otsatizana, kuti ntchito imeneyi isadzagonenso pa mkeka ndi munthu mmodzi. Inu mukudziwa tsopano chimene atsogoleri ambiri sadziwa, mmene tsiku la Lamulungu limatalikira kwa munthu amene akumva belu ali chigonere, ndipo mumpingo mwanu muli ena amene akupukuta mpando Loweruka lililonse. Tsiku loyamba kupita kukazonda mmodzi wa iwo mudzatenge mnzanu woyandikana naye nyumba uja, ndipo musananyamuke mudzamukhazike pansi n'kumuthokoza bwinobwino. M'kalata yanu mwamutchula modutsa m'chiganizo chimodzi, pamene iye anabwera pafupifupi tsiku lililonse kwa miyezi inayi.